Ndinabisa Chilonda m'Nsapato, Mlandu Nugwera Mpongozi Wanga

Ndinataya mwendo chifukwa cha manyazi, ndipo manyazi omwewo anatsala pang'ono kupasula banja la mwana wanga. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti amene alibe nthawi yowerenga mpaka kumapeto atengeretu choonadi. M'komboni mwathu muno mu Kanyama, mu Lusaka, nkhani yanga yadutsa pakamwa pambiri, ndipo pakamwa paliponse yathiridwa zake. Ena akuti ndinaponda mankhwala pamphambano. Ena akuti madokotala anafulumira ndi mpeni. Koma bodza lalikulu, limene landigwiritsa cholembera, ndi lakuti mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga, ndiye anandidwalitsa chifukwa chosasunga mwambo wa banja. Inu owerenga, mwini mwendo ndine. Ndiloleni ndifotokoze mwadongosolo monga zinachitikira.

Ndine mwamuna wachikulire wochokera ku Katete. Ndinamaliza sukulu ya sekondale pa nthawi imene anyamata a kwathu ofika kumeneko anali osowa, ndipo ndinagwira ukalaliki m'boma kufikira ndinapuma. Ndinenso mkulu wa mpingo. Sindikunena izi kuti mundiombere m'manja, koma kuti mudziwe kuti zimene zinandigwera sizinachokere ku umbuli. Matenda a shuga ndakhala nawo zaka zambiri ndipo malamulo ake ndimawadziwa. Ndinkadziwa kuti shuga amachititsa dzanzi kumapazi, kotero kuti munthu angaponde msomali osamva kanthu. Ndinkadziwa kuti phazi la wodwala shuga liyenera kuonedwa ndi maso tsiku ndi tsiku. Pa mzere wa ku kiliniki ndinkalangiza anzanga zomwezi, ndipo wina akalakwitsa pofotokoza ndinkamukonza.

Ntchito yoona mapazi anga inali ya malemu mkazi wanga. Maso anga anachita chifunga kalekale, msana nawo sulola kuti ndiwerame, motero kunsi kwa phazi langa ndi dziko limene sindinalionepo kwa zaka. Dzuwa likapendeka iye ankabweretsa beseni, n'kuyesa madzi ndi chigongono, n'kundisambitsa, n'kupukuta pakati pa zala, n'kudzoza mafuta. Ankachita zimenezi uku akundidzudzula pa nkhani zina za m'nyumba, moti ine sindinkaziona ngati chithandizo. Ndinkangoti ndi macheza a nkhalamba ziwiri. Atamwalira m'pamene beseni linasowa wolinyamula.

Maliro atatha, mwana wanga Yotamu ananditenga kuti ndizikhala kwake. Anandimangira chipinda chokhala ndi khomo lakelake m'mbali mwa nyumba. Yotamu amayendetsa thiraki ya katundu kupita kumalire a dziko, ndipo akachoka sadziwika tsiku lobwerera. Choncho pakhomo tinkatsala ine, mkazi wake amake Taonga, ndi kamwana kawo kakakazi, Taonga.

Amake Taonga ndi mwana wa m'tauni, wobadwira ndi kukulira ku Mandevu. M'mawa woyamba anagogoda, nalowa m'chipinda changa ndi tsache akung'ung'udza nyimbo, natsegula katani, natola masokosi anga kuti akachape. Kwathu mpongozi salowa m'chipinda chogona apongozi ake aamuna, sakhudza zofunda zawo, sawayang'ana m'maso, ndipo kukhudza thupi lawo ndiye sikutchulidwa n'komwe. Tsiku lomwelo ndinatumiza mawu kwa mlongo wanga wa ku Matero kuti abwere adzamulange. Mlongo wanga anabwera, nakhala naye kuseri kwa nyumba kufikira dzuwa linapendeka. Atatha, mtsikanayo anadzagwada pakhomo panga, nkhope atayang'ana kumbali, nati, "Pepani batate, sinenze kuziba."

Kuyambira pamenepo anasunga mwambo kuposa ambiri obadwira kumudzi. Chakudya ankachiika pakhomo. Polankhula ankagwada panja. Ine ndinkanyadira kwa akulu anzanga a mpingo kuti m'nyumba mwanga mokha ndimo Chichewa chenicheni chikadali moyo mu Lusaka. Tsono amene amanena kuti iye ankanyansidwa kulowa m'chipinda cha nkhalamba adziwe lero kuti chitseko chimenecho ndinatseka ndine.

Zimene mwambo unamulola kuchita anazichita zonse. Ankaphika ndiwo zanga padera, zopanda mafuta ambiri. Ankandikumbutsa mapiritsi ataima kunja kwa zenera. Tsiku la kiliniki ankatseka kathebulo kake ka tomato n'kundiperekeza, akuyenda pambuyo panga. Atamva anamwino akunena za mapazi, anandigulira kagalasi kuti ndiziona kunsi kwa phazi ndekha. Ndinathokoza, koma poti maso anga sakanatha kuona kanthu patali chotero, kagalasiko ndinkametera ndevu. Sindinamuuze.

Mu mpingo mwathu muli gulu la amayi oyendera odwala ndi okalamba m'makomo. Amasambitsa ogona, amatsuka zilonda, amaona ngati munthu akumwa mankhwala. Gulu limeneli ndinalidalitsa ndine pamene linkayamba. Amake Taonga anawapempha kuti azindiyendera. Akafika ankandipeza nditakhala pampando panja, nditamanga tayi, nsapato zikuwala. Ndinkawapempherera, wina akasokoneza vesi n'kumukonza, kenaka n'kuwatsanzika. Akatchula za mapazi ndinkati zonse zili m'malo mwake. Mumtima ndinkaona kuti kuvula nsapato pamaso pawo ndiko kutsika pa mpando wa opempherera ena n'kukakhala pa mkeka wa opemphereredwa.

Inafika nyengo ya mvula. Amene mumaidziwa Kanyama mukudziwa kuti kuno madzi sapita. Pansi ndi thanthwe, motero mvula ikagwa madzi amangoima m'njira, osakanikirana ndi za m'zimbudzi zosefukira. Tsiku lina kunali maliro a mkhristu mnzathu ndipo ine ndinali wolankhula m'malo mwa mpingo. Mpongozi wanga anandipempha kuti ndisapite. Ndinayankha kuti mkulu wa mpingo saopa madzi. Ndinavala majombo akale a Yotamu ndi kuyenda m'madzimo ulendo wopita ndi wobwerera. Pofika kunyumba ndinavula, ndipo sokosi ya kumanzere inali yofiira. Sindinamve kupweteka ngakhale pang'ono. Ena akuti ndinaponda botolo losweka. Silinali botolo. Kanali kawaya kamene kanaboola jombo kunsi n'kutsalira momwemo, ndipo ndinakaponda njira yonse. Ndinakakhudza ndi chala, ndinakazindikira, kenaka ndinakankhira majombowo pansi pa bedi.

Inu owerenga, apa m'pamene panali pokhotera. Ndikanangoitana pazenera kuti amake Taonga, ndavulala, lero ndikanakhala ndi miyendo iwiri. M'malo mwake ndinachapa ndekha sokosi ija m'kachidebe n'kuiyanika m'kati, pa msomali wa kuseri kwa chitseko. Ndinapapasa phazi ndi kupeza kabowo kakang'ono kunsi kwa chala chachikulu. Ndinatsuka ndi madzi a mchere, ndinathira ufa wa m'kapisozi monga amachitira anthu amene ndinkawaseka, ndinavala sokosi ina ndi kumanga nsapato. Ndinadziuza kuti Yotamu akabwera adzaona, pakuti mwamuna amaonedwa ndi mwamuna mnzake. Koma Yotamu anali atatsekeredwa pa mzere wa mathiraki kumalire, ndipo mzerewo sunkasuntha.

Masiku anapita. Phazi linayamba kutupa, nsapato inayamba kuthina, ndipo ndinkaimanga mokakamiza. Kenaka linabwera fungo. Tsiku lina mpongozi wanga, ataika chakudya, sanachoke pakhomo. Anati, "Batate, muli bwino? Nimvela kafungo, na kayendedwe kanu kachinja."

Ndinayankha kuti ndi madzi a m'komboni. Ndinaonjeza mawu amene ndimachita nawo manyazi kuwalemba, koma ndalonjeza choonadi. Ndinati, "Kodi tsopano mwayamba kununkhiza apongozi anu?"

Ananyamuka. Mawa lake anabweranso, nagwada malo omwewo, nati, "Nipempako chabe nione mwendo. Ngati ine siniyenela, lekani niitane bazimai ba ku chechi." Ndinakana. Anaimbira foni mwamuna wake. Yotamu anandiimbira ali ndi nkhawa, ndipo ine ndinamuuza ndi mawu amphamvu kuti ndili bwino, koma auze mkazi wake asunge malire. Ndinamva pambuyo pake kuti anamukalipira.

Pali china chimene palibe amene amachitchula, ndipo ndiyenera kuchitchula ine. Mpongozi wanga anapita kukapempha mnansi wathu, bambo wina wowotcherera zitsulo, kuti adzaone phazi langa, poti iye ndi mwamuna ndipo mwambo sumuletsa. Bamboyo anabwera. Ndinamulandira, tinakamba za mvula ndi za mpira, ndinamutsanzika nsapato zili kuphazi. Ndinkaopa kuti akanena kumowa kuti kalaliki uja akuola. Choncho musanamizidwe kuti mwambo wokha ndiwo unandipha mwendo. Mwambo unali chinsalu chimene ndinabisamo kunyada kwanga.

Tsiku limene ndinagwa ndimalikumbukira mwa zidutswa. Thupi linkatentha, mano akugundana, ndipo ndinalephera kudzuka kukatenga phala pakhomo. Dzuwa litakwera, mpongozi wanga anapeza mbale ili chivundikirire. Anaitana, sindinayankhe. Anaitananso. Kenaka anakankha chitseko chimene ndinamuletsa, nalowa. Ndikukumbukira mpeni ukudula zingwe za nsapato imene ndinagona nayo kuphazi, sokosi ikung'ambidwa, ndi fungo limene linadzaza chipinda. Ndikukumbukiranso kuti iye sanatembenuze nkhope.

Galimoto sikanatha kulowa chifukwa cha madzi. Anathamanga kukaitana amuna okankha wilibala, aja amatunga madzi m'migolo, nayala bulangeti m'wilibalamo, nandikwezamo. Iye anakulunga mwendo wanga m'chitenje chake nauyangata m'manja kuti usakhudze madzi, akuyenda m'mbali mwa wilibala, madzi akumufika m'mawondo, kufikira pa msewu wa tala. Komboni yonse inaona mpongozi atanyamula mwendo wa apongozi ake. Ambiri amene akumunena lero anali ataima pa makonde awo tsiku limenelo, manja atapinda.

Ku kiliniki anatitumiza msangamsanga ku chipatala chachikulu. Madokotala sanafulumire ndi mpeni monga ena amanenera. Anayesetsa, koma chilonda chinali chitafika pa fupa ndipo chinayamba kuwononga magazi. Anandiuza mosabisa kuti ndisankhe pakati pa mwendo ndi moyo. Anauchotsa m'munsi mwa bondo.

Tsono tafika pa tchimo langa lenileni. Mlongo wanga atafika ku chipatala n'kumva kuti mwendo unali wotupa, anayamba kunong'oneza achibale kuti limeneli ndi tsempho. Kwa inu amene munakulira m'tauni, kwathu amakhulupirira kuti mkazi akagona ndi mwamuna wina kunja kwa banja, kenaka n'kuthira mchere m'ndiwo za pakhomo, amadwalitsa odya ndiwozo, ndipo chizindikiro chake ndi kutupa. Mlongo wanga anasonkhanitsa umboni wake mosavuta: mwamuna sakhala pakhomo, mkazi ndi wamng'ono, amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu akuseka ndi anyamata a minibasi, ndipo ndiwo za apongozi amaphika padera. Chikondi chake chomwe chija chinasanduka umboni womutsutsa.

Yotamu anafika ali wotopa, wosasamba, ndiponso wodzimva wolakwa chifukwa chosakhalapo. Munthu wotero amafuna pena poti atulepo katundu. Pa nthawi yoona odwala anazungulira bedi langa achibale ndi akulu anzanga a mpingo. Mpongozi wanga anali ataima kumapazi, atanyamula fulasiki ya tiyi. Mlongo wanga anakweza mawu kuti onse amve, nati, "Achimwene, nenani pano. Mwendowu unangotupa wokha, si choncho?"

Yotamu anawerama nandifunsa, "Atate, kodi munavulala penapake?"

Ndinayang'ana nkhope za anthu amene kwa zaka ndinkawalangiza. Ndinaganiza za sokosi ya kuseri kwa chitseko, za ufa wa m'kapisozi, za mnansi amene ndinamubweza. Kuvomera kunali kunena pamaso pawo kuti munthu wophunzira anabisa chilonda ngati mwana woopa kukwapulidwa. Ndinatseka maso, ndinati, "Sindikukumbukira."

Ine sindikhulupirira za tsempho. Ndinazitsutsapo pa guwa. Koma ndi mawu amodzi amenewo ndinalisainira. Nditatsegula maso ndinaona mpongozi wanga akundiyang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba chilangidwire. Anaika fulasiki pa kabati, natuluka.

Ndisanatuluke m'chipatala, anali atabwezedwa kwa makolo ake ku Mandevu pamodzi ndi mwana, kuti akadikire ankhoswa. Ndinabwerera ku nyumba yozizira. Mlongo wanga, amene analonjeza pamaso pa anthu kuti adzandisamala yekha, anakhala kanthawi, kenaka anati malonda ake pamsika akuwonongeka, nabwerera ku Matero. Sindikumuweruza pa zimenezo, nayenso ndi wokalamba ndipo amadya za m'manja mwake. Yotamu anayesetsa, koma ntchito inamuitana. Ndinatsala ndi ndodo ziwiri zimene sindinazizolowere, chimbudzi chili kutali, ndi chidebe chimene ndinkachita manyazi kupempha munthu kuti akataye. Amayi a gulu la mpingo aja anayambanso kubwera. Tsopano panalibe tayi, panalibe chobisa. Anatsuka bala, anachapa zofunda, ndipo palibe mmodzi anandikumbutsa za masiku amene ndinkawabweza. Koma iwo ali ndi makomo ambiri oti ayendere. Anandiuza kuti chidendene cha phazi lotsalalo chayamba kung'aluka, ndipo chikufuna munthu wa m'nyumba woti azichiona tsiku lililonse.

Ndikanakonda kulemba kuti chikumbumtima chinandidzutsa msanga. Sichinatero. Ndinapirira ndi bodza langa kufikira Yotamu anabwera ku ulendo wina nadzakhala pa mpando m'chipinda changa. Anandiuza kuti ankhoswa agwirizana tsiku, ndipo iye watsimikiza kuthetsa banja. Anati sangakhale ndi mkazi amene analumaza atate ake. Ananena zimenezi misozi ili m'maso, pakuti ankamukonda.

Ndinamuuza kuti agwade atulutse majombo pansi pa bedi. Anadabwa, koma anatulutsa. Ndinamuuza kuti alowetse dzanja mu jombo ya kumanzere. Analowetsa, nalichotsa msanga, kadontho ka magazi kali pa chala. Pamenepo ndinamufotokozera zonse zimene ndakufotokozerani inu, osasiyapo kanthu. Mwana wanga anakhala pansi pa simenti, jombo ili pa miyendo. Kenaka anati, "Atate, ndinamutchula dzina loipa pamaso pa amayi ake." Sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero.

Tinapita ku Mandevu pa minibasi. Kondakitala anandinyamula ngati thumba la makala, akuuza anthu kuti, "Sendelani bamudala bangene. Mwendo umozi, koma mtengo ni umozimozi." Anthu anaseka, ndipo ine amene kale ndikanamuphunzitsa ulemu ndinangoti zikomo.

Atate ake a mpongozi wanga ndi munthu wosachulutsa mawu. Anatilandira pakhonde, anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Boza munakambila pa gulu. Manje zoona mwabwela nazo mu kona?" Anati mwana wawo sadzaponda ku Kanyama kufikira makutu amene anamva bodza atamvanso choonadi. Mpongozi wanga mwini wake sanatuluke m'nyumba tsiku limenelo.

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, ndinapempha mpata. Ndinaima ndi ndodo zanga patsogolo pa mpingo, pamalo pamene ndinkaimapo podzudzula ena, ndinanena kuti ndinavulala ndi waya, ndinabisa, ndinakana chithandizo, ndipo ndinanama pa bedi la chipatala. Ndinanena kuti mkazi amene akumutcha wachigololo ndiye ananyamula mwendo wanga m'madzi. Ena anandigwira chanza potuluka, ena anandilambalala. Mlongo wanga mpaka lero amauza anthu kuti ndinanyengereredwa kuti ndiphimbe manyazi a banja. Apa ndaphunzira kuti bodza limayenda pa galimoto pamene choonadi chikuyenda ndi ndodo ngati ine.

Mpongozi wanga sanabwere msanga, ndipo sindimudandaula. Tsiku limene anafika anadzagwada panja pa khomo langa monga kale, nkhope kumbali. Ine ndinali nditakonzeka. Makolo athu sanali opusa: ankadziwa kuti mwambo umene wamangidwa ungamasulidwenso, ndipo pakafunika, apongozi ankapereka kamphatso pamaso pa mboni kuti kuopana kuthe. Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira tsiku loyamba, koma sindinamuuze, chifukwa kuopedwa kunkandikoma. Ndinaitana ankhoswa a mbali zonse ndi mtsogoleri wa amayi oyendera odwala. Ndinapereka nkhuku m'manja mwake, ndinati, "Amake Taonga, kuyambira lero ndinu mwana wanga wamkazi. Khomo ili ndi lanu. Ndinakulakwirani, ndikhululukireni."

Analandira nkhuku, naipereka kwa mwamuna wake, naimirira. Anandiyang'ana, nati, "Nabwela chifukwa cha Taonga na batate bake. Va imwe nikali kuganiza." Kenaka analowa m'nyumba yaikulu, natulukamo ndi beseni, nayesa madzi ndi chigongono, nati, "Vulani nsapato."

Ndinavula pamaso pa anthu onsewo.

Chidendene chija chinapola. Banja la mwana wanga lilipo, ngakhale kuti lili ndi chipsera chimene ndinaika ine. Tsiku ndi tsiku dzuwa likapendeka amake Taonga amabwera ndi beseni, amaona pakati pa zala, amadzoza mafuta. Amandilemekeza, sanandinyozepo. Koma nyimbo ija ankang'ung'udza m'mawa woyamba sindinaimvenso, ndipo ku pompi akadali amayi ena amene amasiya kulankhula iye akafika. Ndi chifukwa chake ndalemba, kuti amene sanali m'tchalitchi tsiku lija awerenge okha.

Inu owerenga, makamaka inu akuluakulu anzanga amene mukusungidwa m'nyumba za ana anu, ndimvereni. Ukalamba umafika ndi tsiku limene thupi lako liyenera kuonedwa ndi maso a wina. Sankhani maso amenewo mukadali olimba. Ngati pakhomo pali mpongozi yekha, itanani ankhoswa mumasule mwambo kusanade, pakuti m'tauni muno mulibe azakhali ndi abale ambiri amene kumudzi ankagwira ntchito imene mpongozi waletsedwa. Tinabweretsa chiletso kuchokera kumudzi, koma anthu amene ankachichirikiza tinawasiya komweko. Oyendera odwala akagogoda, musawalandire ndi tayi. Ndipo inu a shuga, kachilonda kakang'ono bwanji, kasagone m'nsapato.

Inu ana amene mumagwira ntchito kutali, musakhutire ndi mawu a pa foni akuti ndili bwino. Ife okalamba timadziwa kunama ndi mawu amphamvu. Mkazi wanu akakuuzani kuti waona china, mukhulupirireni, pakuti iye ndiye ali pakhomo. Inu amuna a m'mipingo, lowani nawo m'magulu oyendera odwala, kuti nkhalamba yamanyazi isowe pothawira. Ndipo inu achibale amene mumafika pa nthawi yoona odwala mutavala bwino, musanaloze chala wosamala wodwala, dzifunseni kuti tsiku la chidebe munali kuti.

Nsapato yanga ya kumanzere ikadali pansi pa bedi, zingwe zake zodukaduka monga anazidulira mpongozi wanga. Yotamu anafuna kuitaya, ndinamuletsa. Mlendo akabwera n'kuyamba kundifotokozera nkhani yanga monga anaimvera ku pompi, ndimamudikira amalize, kenaka ndimamuuza kuti aitulutse. Ndi nsapato yabwino, yachikopa chenicheni, ndipo m'masiku onse amene phazi linkaola m'kati mwake sindinaleke kuipukuta. Mukaona nkhalamba ya pakhomo panu ikuwala nsapato koma ikukana kuvula, musachoke pakhomopo. Bwerani ndi beseni.